Envulopu yofiira si tikiti: wosankha hotela ndiye mwini bilu

Chaka ndi chaka ku Singapore, dziko limene anthu 3 mwa 4 alionse ndi a mtundu wa Atchaina, kumatuluka mndandanda woti munthu wa kwathu kuno atauona angayambe waseka kaye. Mbali imodzi kuli maina a mahotela, mbali inayo kuli ndalama zimene mlendo woitanidwa ku ukwati pa hotelapo akuyenera kuika mu envulopu yofiira, yomwe kumeneko amaitcha ang pao. Hotela ikakhala yapamwamba, chiwerengero chimakwera. Ukwati ukakhala wa Loweruka madzulo, chimakweranso kuposa wa masana pakati pa sabata. Anthu amatumizirana mndandandawu pa foni, ndipo ukangotuluka mkangano umabukanso m'manyuzipepala ndi pa Facebook. Ena amati mlendo woleredwa bwino amaonetsetsa kuti envulopu yake yakwanira mtengo wa mpando umene wakhalapo, pomwe ena amati ukwati wasanduka malonda. Ine ndili ndi achiwiriwa, ndipo ndinena mosapsatira. Envulopu ya ukwati ndi mphatso, ndipo kukula kwa mphatso kuyenera kutsata zinthu ziwiri zokha: ubale wa woperekayo ndi eni ukwati, komanso kulemera kwa thumba lake. Mtengo wa nsomba ya pa hotela suyenera kulowa m'masamu a mlendo. Amene wasankha hotela yodula ndiye mwini bilu. Walira mvula walira matope.

Ndisanayankhe otsutsa, ndifotokoze kaye mmene phwandoli limakhalira, kuopa kuti wina angaganize kuti ndikunyoza chakudya chomwe sindinachilawe. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi kunja, wobadwira ku Singapore komweko, anandiitana ku ukwati wake pa hotela ina yaikulu mumzindawo. Pakhomo pa holo pamakhala tebulo la atsikana operekeza mkwatibwi. Amafufuza dzina lako papepala, n'kukuuza nambala ya tebulo lako, ndipo pambali pawo pamakhala bokosi lokongoletsedwa lokhala ndi kampata pamwamba. Envulopu umaponya mmenemo utalemba dzina lako kumbuyo kwake. Dzinalo mulisunge, tilifunanso kutsogoloku. Mkati muli matebulo ozungulira, lililonse la anthu 10. Khadi linati tifike 7 koloko, koma chakudya choyamba chinatuluka 8 koloko itadutsa kale, ndiye pa nkhani ya nthawi musaganize kuti ndife tokha. Magetsi anathimitsidwa, nyimbo inalira, operekera zakudya n'kulowa pamzere atakweza mbale m'mwamba. Kuyambira pamenepo zakudya zimabwera mtundu umodzi umodzi, kawirikawiri mitundu 8, poti 8 ndi nambala ya mwayi kwa Atchaina. Nambala 4 amaipewa chifukwa katchulidwe kake kamafanana ndi mawu otanthauza imfa, n'chifukwa chake mu envulopu anthu amakonda kuika madola 188 kapena 288.

Chakudya chilichonse chili ndi uthenga wake. Nsomba imabwera yathunthu, yophikidwa ndi nthunzi, mutu ndi mchira zili pompo, kufunira banja latsopanolo zochuluka mpaka kutsala. Nkhuku yowotcha amaidula bwinobwino n'kuiyalanso m'mbale pamodzi ndi mutu wake. Pamabwera abalone, nkhono ya m'nyanja yodula kwambiri, kenako noodles zazitalizitali zoimira moyo wautali, ndipo pomaliza phala lotsekemera la nyemba zofiira lothiramo njere za duwa la lotus, kufunira banjalo ana. Pakatikati mkwatibwi, amene analowa ndi diresi loyera, anatuluka n'kubwerera atavala zofiira. Kenako abale onse anakwera pansanja, matambula m'mwamba, holo yonse n'kukuwa "yaaam seng" mpaka mpweya kutha, ndipo anatero katatu. Agogo ena amene anakhala phee chiyambire anakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Ndinadya, ndinaseka, ndinasangalala. Choncho vuto langa si phwandolo. Vuto langa ndi masamu amene ali kuseri kwake.

Masamuwo ali chonchi. M'mahotela apamwamba a ku Singapore tebulo limodzi la anthu 10 limapitirira madola a kumeneko 2,000. Pamwamba pake hotela imaonjezera 10 peresenti ya ntchito yoperekera zakudya, kenako msonkho wa GST, womwe unali 7 peresenti mpaka 2022 koma kuyambira 2024 uli pa 9 peresenti. Hotela imaikanso chiwerengero cha matebulo chomwe simungatsike nacho ngati mukufuna holo yaikuluyo. Tiyerekeze matebulo 30: ndi madola oposa 60,000 msonkho usanalowe, osawerengera zovala, wojambula ndi golide. Mukagawa mupeza kuti mpando umodzi ukupitirira madola 200, ndipo munthu wopita ndi mkazi wake ayenera kuwirikiza. Phwando likatha, maanja ambiri amakwera kuchipinda chawo pa hotela pomwepo n'kukhala pansi kutsegula maenvulopu, chifukwa bilu yotsala ikudikira. Usiku woyamba wa banja umathera pa kuwerenga ndalama, ndipo mawa lake mawu omveka amakhala akuti "taluza" kapena "tabweza". Tsono mukukumbukira dzina lija lolembedwa kumbuyo kwa envulopu? Ndilo limaulula amene wapereka zoperewera pa mpando wake.

Mfundo yoyamba ya otsutsa, yomwenso ndi yamphamvu kuposa zonse, ndi yakuti mwambowu ndi wobwezerana. Iwo amati kupatsa n'kuika. Mabanja a Atchaina, makamaka kumidzi ya ku China, amasunga buku lolembamo aliyense amene wapereka ndi kuchuluka kwa zomwe wapereka, ndipo tsiku la ukwati wa mwana wa woperekayo bukulo limatsegulidwa kuti abwezeredwe zofanana kapena zoposerapo. Motero palibe amene amaluza, akutero, chifukwa ndalamazo zimangozungulira, ndipo zimathandiza banja losauka kuchita mwambo womwe palokha silikadakwanitsa. Mfundoyi ndimailemekeza, ndipo aliyense amene analowapo chipereganyu aimvetsa msanga. Komabe chipereganyu chimayenda pa zinthu ziwiri zomwe pano palibe. Choyamba, mamembala amagwirizana okha kuti aliyense aziponya zingati. Pa ukwati wa pa hotela, woika mtengo ndi munthu wapadera amene sali m'gululo, ndipo amaukweza chaka chilichonse. Amene anachitira ukwati wake mu lesitilanti wamba n'kulandira maenvulopu opepuka, lero akuuzidwa kuti abweze kawiri kapena katatu chifukwa mnzakeyo wakonda holo ya magetsi olendewera. Kubwezerana kuli pati pamenepo? Chachiwiri, pa chipereganyu ndalama imafika m'manja mwa membala, iye n'kugula malata. Apa imangodutsa m'manja mwa mkwati ndi mkwatibwi usiku umodzi, m'mawa n'kukalowa mu akaunti ya hotela. Banja limatsala ndi zithunzi.

Palinso china chomwe chikuphwanya mfundo ya kubwezeranayi. Imayembekezera kuti aliyense woponya lero tsiku lake lidzafika. Koma anthu ochuluka sakukwatiranso. Ku China maukwati olembetsedwa ku boma anali 13.47 miliyoni mu 2013, koma mu 2024 anatsika kufika pa 6.1 miliyoni. Zifukwa zake n'zambiri, kuphatikizapo kuchepa kwa achinyamata a msinkhu wokwatira, koma tanthauzo lake pa nkhani yathu ndi limodzi: pali anthu amene akhala akuponya maenvulopu m'mabokosi a anzawo zaka zonse za unyamata wawo, ndipo bokosi lawo silidzaikidwa pakhomo. Kwa oterewa mawu akuti kupatsa n'kuika ndi chitonthozo chabe. Akapereka mwa chikondi palibe cholakwika, popeza mphatso siyembekezera kubwezedwa. Koma ndiye tisawanamize kuti akusungitsa.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti tikuimba mlandu anthu olakwika. Achinyamata ambiri, akutero otsutsa, akadakonda kukalembetsa ukwati ku Registry of Marriages, ofesi ya boma yolembetsera maukwati, kudya ndi abale ochepa, basi. Ofuna hotela ndi makolo. Ndipo izi n'zoona ndithu. Pa zokambirana za malowolo ku Singapore, makolo a mkazi amatha kupempha kuti mbali ya mwamuna iwapatse matebulo akutiakuti oti aitanirepo anthu awo, ndipo nthawi zambiri maenvulopu a pa matebulo amenewo amapita kwa iwo. Holo imadzaza ndi anzawo a bambo a ku bizinesi ndi abale akutali amene mkwatibwi sangawazindikire atakumana nawo pamsewu. Kwa kholo limene lakhala likupita ku maukwati a ana a anzake kwa zaka zambiri, tsikuli ndi lake, ndipo kuchitira phwandolo pamalo otsika n'kudzichotsera ulemu pamaso pa anthu. Sindikuseka zimenezi. Mayi ake a mnzanga uja ankazungulira matebulo nkhope ikuwala, akugwira aliyense dzanja, ndipo zinali zoonekeratu kuti tsikuli analidikira nthawi yaitali. Koma taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa. Ngati phwandolo ndi la ulemu wa makolo, n'chifukwa chiyani bilu yake igwere mtsikana wa ku ofesi amene wangoyamba kumene ntchito, amene makolowo sakumudziwa n'komwe? Ulemu wogulidwa ndi ndalama za alendo ndi wa ndani kwenikweni?

Komanso tisaiwale kuti pa ukwati wa Chitchaina malo enieni olemekezera makolo si hotela. Ndi kunyumba, m'mawa, pa mwambo wa tiyi. Ife alendo tinangoonetsedwa pa kanema tili pakati pa kudya. Mkwati ndi mkwatibwi amagwada pamaso pa makolo ndi akuluakulu a banja, mmodzi mmodzi motsata msinkhu, n'kupereka kakapu ka tiyi ndi manja awiri, akumutchula aliyense ndi dzina la ubale limene azimuitana nalo kuyambira tsikulo. Wamkuluyo akamwa, ndiye kuti wamulandira mkamwini kapena mtengwayo m'banja, ndipo amapereka envulopu yake kapena kumuveka mkwatibwi zibangili zagolide. Pa kanemayo bambo a mkwatibwi, munthu wooneka wouma mtima, manja ankanjenjemera polandira kapu. M'holo monse munali zii. Mwambo umene unakhudza anthu kuposa china chilichonse usiku umenewo unafuna ketulo, timakapu ndi mipando iwiri.

Mfundo yachitatu ndi ya chilungamo wamba. Amati wadya abalone, wamwa vinyo, wakhala pampando wofewa, ndiye ukufuna mnzako ayambe banja ndi ngongole chifukwa cha mimba yako? Bwenzi lenileni silingatero. Apa yankho langa lili pawiri. Poyamba, abaloneyo sindinaitanitse ine. Mu lesitilanti ndimalipira chifukwa ndaona mitengo n'kusankha ndekha. Pa ukwati wina wandisankhira malo, tsiku ndi chakudya, ndipo kunditumizira bilu pambuyo pake, ngakhale mwaulemu chotani, n'kusintha mlendo kukhala kasitomala. Kachiwiri, sindikunena kuti anthu aziumira. Mnzako wapamtima ukhoza kumupatsa zoposa mtengo wa mpando kangapo ngati uli nazo, ndipo uyenera kutero ngakhale atachitira ukwatiwo pansi pa tenti. Choipa cha mndandanda uja n'chakuti umatembenuza zinthu. Bwenzi la kuubwana limene ntchito yatha limaoneka lopanda khalidwe chifukwa envulopu yake yaperewera, pomwe bwana amene wabwera chifukwa chokakamizika amaoneka wachikondi chifukwa yake yakwana. Ubale ukuyezedwa ndi sikelo ya hotela.

Ndipo pali chinthu china chimene okonda mfundoyi sachiona. Wosankha akakhala wina, wolipira n'kukhala wina, mtengo sutsika. Banja likadziwa kuti alendo abweza gawo lalikulu la bilu, silinenerera kwambiri, ndipo limasankha holo yoposa msinkhu wake. Hotela nayo ikudziwa zimenezo, ndiye imakweza. Chaka chotsatira mndandanda umatuluka ndi manambala atsopano, alendo n'kuonjezera, hotela n'kukwezanso. Lamulo loti mlendo alipire mpando wake, lomwe amati limateteza banja ku ngongole, ndilo limene likukankha mitengo m'mwamba. Izi zikuchitika m'dziko limene anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'nyumba zomangidwa ndi bungwe la boma la HDB, ndipo banja latsopano limafunika ndalama zolipirira nyumba yoteroyo ndi kuikonza mkati. Maenvulopu omwewo akadapita kumeneko, ine ndikadakhala woyamba kuombera m'manja.

Ena amangoti palibe amene wakukakamiza, ngati ulibe khala kunyumba. Iyi sindichedwa nayo. Atchaina eni ake khadi loitanira ku ukwati amalitcha bomba lofiira, ndipo munthu satcha bomba chinthu chimene angachikane mosavuta. Wokana amayembekezeredwabe kutumiza kenakake, ndipo ngati woitanayo ndi wa ku ntchito, mudzakumana Lolemba. Komanso tiyeni titsatire malangizowo mpaka kumapeto. Onse osakwanitsa akhale kunyumba. Otsala m'holomo ndi ndani? Ndi okhawo a matumba olemera. Mkwati waitana anthu kuti adzachitire umboni tsiku lake, koma mtengo wa mpando wamusankhira mboni.

Mfundo yomaliza ikuloza ine mwini. Ndiwe ndani, mlendo wochokera kutali, woti uweruze mwambo wa eni? Kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku n'chiwalo. Ndikuvomereza, ndipo monga mlendo ndinaponya envulopu yanga n'kudya zomwe ndinapatsidwa, mutu wa nkhukuwo ukundiyang'ana m'mbale. Koma mkanganowu sindinauyambitse ine. Eni akewo ndiwo akukangana, ndipo aonetsa kale kuti mwambo wa phwando ukhoza kusintha popanda thambo kugwa. Kale phwando la ukwati lopanda supu ya zipsepse za shaki linkaoneka la anthu oumira. Mu 2006 katswiri wa basketball wa ku China, Yao Ming, anayamba kulankhula poyera motsutsa supuyi mogwirizana ndi bungwe loteteza nyama zachilengedwe la WildAid. Mu 2012 mahotela a Peninsula ndi Shangri-La anasiya kuiphika, ndipo mu 2013 boma la China linailetsa pa maphwando a boma. Pa ukwati wa mnzanga supu inalibe shaki, ndipo sindinamve wodandaula. Ngati chakudya chimene chinali chizindikiro cha ulemu wa banja chinachoka patebulo m'zaka zochepa chonchi, mndandanda wa mitengo, womwe ndi wa dzulodzuloli, ungakanike bwanji?

Pa nkhani ya ndalama yeniyeniyo zitsanzo ziliponso. Ku Shunde, m'chigawo cha Guangdong ku China, mabanja ambiri salandira ndalama za ukwati. Mlendo akapereka envulopu, eni ake amangopinda kakona kake kusonyeza kuti mafuno abwino alandiridwa, n'kumubwezera. Amenewa ndi Atchaina enieni, ndipo dera lawo limadziwika ndi kuphika bwino, moti maphwando awo si a masewera. Mu 2021 unduna wa Civil Affairs, womwe umayang'anira kalembera wa maukwati ku China, unasankha madera 32 oti ayeserere kuchepetsa malowolo okwera ndi maphwando owononga. Sindikhulupirira kwambiri kuti boma lingalamule mitima ya anthu pa nkhani ngati iyi, koma zikuonetsa kukula kwa dandaulo. Achinyamata ena akungochotsa mdipiti wa magalimoto ndi operekeza ambirimbiri, ndipo ku Hong Kong kampani ya malesitilanti ya McDonald's inayamba kuchititsa maukwati mu 2011. Sindikuti aliyense akakwatirire pa chips. Ndikungoti amene akunena kuti mwambo sulola akunena za mwambo umene eni ake akuukonza kale.

Tsono wina wa kwathu kuno asawerenge izi n'kumapukusa mutu ngati nkhani ya kutali. Ife tili ndi perekaniperekani, ndipo ali ndi ubwino umodzi umene envulopu yofiira ilibe: azakhali a kumudzi akhoza kusinthitsa K2,000 yawo kwa osintha ndalama aja n'kuvina ndi timapepala ting'onoting'ono nyimbo yonse, mapewa akugundana ndi a bwana, popanda wolemba m'buku kuti aponya zingati. Koma maukwati athu nawo akusamukira m'mahotela ndi m'minda yamaluwa yolipira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo masamu aja akubwera nawo. Komiti imakhala pansi kuwerengera ndalama za perekaniperekani ukwati usanachitike, n'kubwereka molingana ndi chiyembekezocho. Khadi limanena kuti lilowetsa anthu awiri okha ndipo ana ayi. Munthu yemweyo waponya kale pa chinkhoswe, pa bridal shower ndi pa nsalu ya yunifomu. Ndipo wotsogolera mwambo akagwira maikolofoni amalengeza kuti ayamba ndi a ma K5,000 okhaokha, ena adikire kaye. Azakhali aja amakhala pansi, ndalama yawo ili kunsonga ya chitenje, kudikira kuti mtengo utsike ufike pa iwo.